Supamaketi ikatsekedwa, nyumba yake imasanduka chiyani?

Mu 1930 Michael Cullen anatsegula sitolo ya King Kullen ku Jamaica, m'dera la Queens mumzinda wa New York. Ambiri olemba mbiri ya malonda amati imeneyi ndiyo inali supamaketi yoyamba. Cullen sanamange nyumba yatsopano ayi. Anachita lendi galaja yakale ya masikweya mita pafupifupi 560, n'kuunjikamo katundu n'kumagulitsa motchipa. Patapita zaka ziwiri, mu 1932, ku Elizabeth m'chigawo cha New Jersey kunatsegulidwa Big Bear, ndipo iyi inalowa mufakitale ya magalimoto a Durant yomwe inali itasiya kugwira ntchito. Inali nthawi ya mavuto aakulu a zachuma amene anayamba mu 1929. Mafakitale ndi magalaja anali gwengwelele opanda ntchito, lendi yake inali yotsika, ndipo anthu ankafuna chakudya chotchipa osati sitolo yokongola.

Ndayamba ndi zimenezi chifukwa nthawi zambiri timaiwala kuti supamaketi inabadwira m'nyumba za eni. Lero zinthu zatembenuka. M'mayiko ambiri muli nyumba zikuluzikulu zomwe zinamangidwira supamaketi koma zangokhala, zitseko zokhomedwa, udzu ukumera m'ming'alu ya malo oimikapo magalimoto, pakhoma pakuoneka mthunzi wa zilembo za dzina lomwe linachotsedwa. Funso ndi lakuti zichitidwe chiyani.

Kuti timvetse chifukwa chake nyumbazi zimasiyidwa, tiyenera kubwerera kaye mmbuyo pang'ono. Kale wogula ankaima pakauntala n'kutchula zimene akufuna, wogulitsa n'kumamutengera chimodzichimodzi pashelufu, kupima pasikelo ndi kukulunga. Sitolo yotere sinkafuna malo aakulu. Mu 1916 Clarence Saunders anatsegula Piggly Wiggly ku Memphis, komwe wogula ankalowa yekha pakati pa mashelufu, kutola zomwe akufuna ndi kukalipira potulukira. Kusintha kumeneku kukuoneka kochepa, koma ndi kumene kunasintha nyumbayo. Katundu yense anayenera kukhala poonekera, tinjira tinayenera kukhala toti anthu n'kudutsana, ndipo kukula kwa chipinda kunayamba kukhala ndalama: mashelufu akachuluka, malonda achulukanso.

Zina zitatu zinawonjezera moto. Mu 1937 Sylvan Goldman wa ku Oklahoma City anabweretsa trole, kangolo kokankha kaja, ndipo munthu sanalinso kugula zokhazo zomwe mkono wake ungathe kunyamula m'basiketi. Firiji inalowa m'makomo ambiri a ku America, choncho banja linkatha kugula za sabata yonse nthawi imodzi. Ndiyeno galimoto. Wogula wa pagalimoto safuna sitolo yapafupi ndi khomo lake, amafuna yomwe ili ndi poimika. Kampani ya A&P, yomwe cha m'ma 1930 inali ndi timasitolo ta chakudya pafupifupi 16,000, inayamba kutseka tating'onoting'ono n'kumatsegula zazikulu zochepa, mwakuti pofika 1950 inali ndi masitolo osakwana 5,000. Uwu ndiwo unali mtundu woyamba wa mabwinja a malonda a chakudya. Koma timasitolo timeneto sitinavute kupezera ntchito ina, poti tinali m'misewu ya m'tauni, ting'onoting'ono, toti wometa kapena telala n'kulowamo mawa lake.

Za m'ma 1950 zinali zina. Makampani anayamba kumanga nyumba zoti munthu azizizindikira ali patali. Mu 1959 kampani ya masupamaketi ya Safeway inatsegula sitolo ku Marina mumzinda wa San Francisco yokhala ndi denga lopindika ngati uta ndi kumaso kwa magalasi okhaokha, ndipo inamanga zina zambiri zofanana nayo m'zaka zotsatira. Chaka chomwecho A&P, pokumbukira kuti yatha zaka 100, inayamba kumanga masitolo a njerwa zofiira okhala ndi kansanja kakang'ono pamwamba pa denga. Mpaka lero woyenda m'matauni a ku America amatha kuloza nyumba n'kunena kuti iyi inali Safeway, iyo inali A&P, ngakhale mkati mwake tsopano mukugulitsidwa mipando kapena mukupempheredwa. Ine nyumba za nthawi imeneyi ndimazikonda, ndipo si chifukwa cha kukongola kokha. Zinali ndi mazenera aakulu, zinali zazikulu mosapyola muyezo, ndipo n'chifukwa chake zambiri zapeza moyo wachiwiri mosavuta.

Kenako mazenera anayamba kutha. Khoma lililonse linkafunika kuti patsamire mashelufu ndi mafiriji. Dzuwa lolowa pagalasi limatenthetsa chipinda, limawononga zakudya ndi kukweza bilu ya magetsi. Motero supamaketi inasanduka bokosi: nsanamira zachitsulo, makoma a mabuloko kapena malata, denga lafulati, magetsi oyaka usana wonse. Ndipo bokosilo linkangokulirakulira. Mu 1963 kampani ya ku France ya Carrefour inatsegula sitolo ya masikweya mita 2,500 ku Sainte-Geneviève-des-Bois, kunja kwa Paris, yogulitsa chakudya pamodzi ndi zovala ndi ziwiya pansi pa denga limodzi. Mu 1988 kampani ya Walmart inatsegula chisitolo chake chachikulu choyamba chotchedwa Supercenter ku Washington m'chigawo cha Missouri, ndipo m'zaka zotsatira inasamuka m'masitolo ake akale ambirimbiri kupita m'zimphona zatsopanozi.

Apa pali mfundo imene anthu ambiri saiganizira. Nyumba ya supamaketi kawirikawiri sisiyidwa chifukwa malonda alephera. Nthawi zambiri imasiyidwa chifukwa malonda ayenda bwino. Kampani imaona kuti malo achepa, imagula munda wina kilomita imodzi kapena awiri kutsogolo mumsewu womwewo, imamanga yaikulu kuwirikiza kawiri, n'kusamuka. Nyumba yakale ija imatsala ili yolimba ndithu, mwina yatha zaka 15 kapena 20 zokha. Zina zimasiyidwa makampani awiri akaphatikizana n'kupezeka kuti ali ndi masitolo awiri moyang'anizana. Zina ndithu zimasiyidwa chifukwa kampani yagwa. A&P yomwe ija, imene inatseketsa magolosale ambiri a mabanja, inagwa mu 2010, inadzagwanso mu 2015 ili ndi masitolo pafupifupi 300, ndipo ulendo wake unathera pomwepo. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Tsopano tilowe mkati mwa nyumba yotereyi monga mmene amalowera mmisiri amene wauzidwa kuti aisandutse chinthu china. Zabwino amaziona msanga. Chipinda n'chimodzi chachikulu, nsanamira zili patalipatali, ndipo makoma a mkati sanyamula denga, choncho akhoza kugawa malo mmene akufunira. Pansi ndi pakonkire yolimba yomwe inapangidwira kunyamula katundu wolemera. Denga lili pamwamba. Magetsi amene anakokedwa ndi amphamvu, chifukwa mafiriji a supamaketi amadya magetsi kwambiri. Kumbuyo kuli potsitsira katundu m'malole. Nyumbayo ndi yopanda masitepe, zomwe zimathandiza okalamba ndi oyenda panjinga za olumala. Koposa zonse, ili pamalo amene kampani inasankha mosamala itawerengera anthu odutsa, ndipo aliyense m'deralo amadziwa njira yake.

Zovuta zimabwera pambuyo pake, ndipo chachikulu ndi mdima. Nyumbayi inamangidwira katundu, osati anthu oti akhalemo tsiku lonse. Wogula amakhalamo mphindi 30 n'kutuluka. Koma mwana wasukulu, nesi kapena wogwira ntchito muofesi sangakhale maola asanu ndi atatu pakati pa chipinda chomwe khoma lapafupi lili pamtunda wa mamita 40, lopandanso zenera. Ndiye mmisiri amayenera kuboola makoma, kudula denga n'kuikamo magalasi olowetsa kuwala, ndipo nthawi zina amachotseratu gawo la denga pakati kuti pakhale bwalo la mkati. Zonsezi ndi ndalama. Denga lenilenilo nthawi zambiri limakhala lotha, chifukwa denga lafulati limasunga madzi, ndipo nyumba ikangokhala zaka zingapo popanda woisamalira limayamba kudontha. Chitsulo chake chinawerengedwa mongokwanira kunyamula denga lokhalo, motero kuwonjezera nsanjika pamwamba sikutheka popanda kuika nsanamira zatsopano. Zimbudzi zimakhala zochepa, zoyenera antchito okha, ndipo kuti zichuluke pamafunika kuswa konkire ija n'kuika mapaipi. Tchalitchi kapena holo yolowa anthu mazanamazana nthawi imodzi imafunanso makomo ambiri othawira moto ndi mpweya wokwanira.

Palinso zobisika. Pansi pa konkire pamakhala ngalande za mapaipi a mafiriji, ndipo m'mapaipimo mukhoza kutsala gasi woziziritsira wa mitundu yakale, amene mayiko anagwirizana kuti asiye pa pangano la ku Montreal la 1987 chifukwa amawononga mlengalenga. Gasiyo amayenera kupopedwa ndi akatswiri, osati kungodula paipi. M'nyumba zomangidwa chisanafike chaka cha 1980 mumapezekanso asibesitosi m'matailosi apansi ndi m'zokutira mapaipi, ndipo fumbi lake limayambitsa matenda oopsa a m'mapapo. Kumuchotsa bwinobwino kumatha kudya gawo lalikulu la bajeti ntchito yeniyeni isanayambe.

Ngakhale zili choncho, zatheka m'malo ambiri. Chitsanzo chotchuka ndi cha mzinda wa McAllen ku Texas. Akuluakulu a mzindawo anagula sitolo yomwe Walmart inasiya, ya masikweya mita opitirira 11,000, n'kuisandutsa laibulale yomwe inatsegulidwa mu 2011. Okonza mapulani sanalimbane ndi kukula kwake. Anagawa chipindacho ndi mitundu ya utoto ndiponso zolendewera kudenga kuti munthu azidziwa pamene ali, anaikamo zipinda za misonkhano, malo a ana ndi a achinyamata, ndi makompyuta ambiri. Laibulale imagwirizana ndi nyumba yotere mwachibadwa, popeza nayonso ndi mashelufu ndi tinjira. Ku Austin m'chigawo cha Minnesota, kampani ya Hormel inaika malo oonetserako mbiri ya nyama yake yam'chitini ya Spam m'sitolo yakale ya Kmart kuyambira 2001, isanawasamutsire pakati pa tauni mu 2016. Pa nthawi ya mliri wa Covid-19, masitolo ena otsekedwa anasanduka malo obayirako katemera, chifukwa anali ndi malo oti anthu n'kutalikirana komanso poimika magalimoto.

Koma zambiri mwa nyumbazi sizisanduka zinthu zolembedwa m'manyuzi. Zimakhala matchalitchi, malo ochitira masewera olimbitsa thupi, masitolo a katundu wogwiritsidwapo kale ntchito, makiliniki, sukulu, kapena zipinda zochititsa lendi zosungiramo katundu. Zina amazigawa patatu kapena panayi n'kulowetsamo amalonda ang'onoang'ono. Zina zimapitiriza kusunga chakudya koma osalowamo ogula, antchito okha akulongedza maoda a pa intaneti. Ndipo si ntchito yatsopano iliyonse imene imasangalatsa mtima. Ku Brownsville, ku Texas komweko, sitolo yakale ya Walmart inasanduka Casa Padre, malo osungirako ana olowa m'dziko popanda zikalata, ndipo mu 2018 munali anyamata pafupifupi 1,500. Nyumba yomangidwira makatoni inagonamo ana. Kukula ndi kusowa mazenera komwe kumavutitsa womanga sukulu n'komwenso kumapangitsa nyumba yotere kukhala yosavuta kutsekeramo anthu, ndipo zimenezi siziyenera kuiwalika tikamayamikira kuti bokosi limalola chilichonse.

Tifike tsopano pa chimene ine ndimaona kuti ndicho chopinga chenicheni, chomwe sichioneka ndi maso. Ntchito imene nyumba ya supamaketi ingagwire mosavuta kuposa ina iliyonse ndi kukhalanso supamaketi. Mapaipi alipo, magetsi alipo, potsitsira katundu palipo, ndipo anthu a m'deralo akufunabe chakudya. Nanga n'chifukwa chiyani kawirikawiri sizichitika? Yankho lili m'mapepala. Kampani ikamagulitsa malo amene yasamukapo, imatha kulemba m'chikalata cha umwini wa malowo kuti wogula, ndi aliyense wodzagula pambuyo pake, asadzagulitsirepo chakudya kwa zaka zakutizakuti. Njira ina ndi yakuti kampani imene inkachita lendi imapitiriza kulipira lendiyo nyumba ili yotseka mpaka mgwirizano utatha. Kwa kampaniyo masamu ake ndi osavuta: kulipirira nyumba yopanda kanthu n'kotchipa poyerekeza ndi kulola wopikisana naye kukhala pakhomo pomwe makasitomala ake anazolowera.

Kwa anthu okhala pafupi, makamaka opanda galimoto, okalamba ndi amayi a ana aang'ono, masamuwo amatanthauza ulendo wautali wokagula ndiwo zamasamba ndi mkaka, akudutsa pa nyumba yomwe ikanatha kuwagulitsa zinthu zomwezo. Ku Bellingham m'chigawo cha Washington, sitolo ya Albertsons ya m'dera la Birchwood inatsekedwa mu 2016, ndipo pamalopo panaikidwa chiletso choti pasakhale golosale mpaka 2038. Anthu a m'deralo anadandaula kwa zaka zambiri, ndipo chiletsocho chinachotsedwa mu 2024 ofesi ya loya wamkulu wa chigawocho itafufuza nkhaniyi. Mzinda wa Chicago unali utakhazikitsa kale lamulo lochepetsa ziletso zotere mu 2005. Ku Britain lamulo la 2010 linaletsa makampani akuluakulu a masupamaketi kugwiritsa ntchito mapangano a malo potsekereza anzawo, komabe mu 2020 bungwe loona za mpikisano pamalonda la CMA linapeza kuti Tesco inaphwanya lamulolo m'malo 23. Izi zikusonyeza kuti chizolowezichi n'chozama, ndipo lamulo lopanda wolilondola silikwanira.

Ena amati kampani ili ndi ufulu wogulitsa malo ake mmene ikufunira, ndipo wogula amadziwa zimene akusainira. Mfundoyi ndimaimva, koma sindigwirizana nayo. Amene amavutika ndi chiletsocho sanasaine kalikonse. Msewu wofika pasitoloyo, mapaipi a madzi ndi ngalande nthawi zambiri zinamangidwa ndi misonkho ya anthu omwewo. Kusamuka ndi ufulu wa kampani, koma kutseka chitseko kwa zaka 20 utachokapo kale n'kulamulira dera lomwe sukulitumikiranso.

Palinso funso la kugumula. Nthawi zina kugumula n'koyenera, ndipo sindikufuna kunamizira kuti bokosi lililonse liyenera kusungidwa. Kawirikawiri malo oimikapo magalimoto amakhala aakulu kuposa nyumbayo, ndipo m'mizinda momwe anthu akusowa pokhala, malo onsewo akhoza kunyamula nyumba zogona zambiri, sitolo n'kukhala pansi pake. Koma kugumula kuli ndi mtengo umene suoneka pa risiti. Kupanga simenti kokha kumatulutsa pafupifupi magawo 8 pa 100 alionse a mpweya wa kaboni umene anthu amatulutsa padziko lonse, ndipo chitsulo nachonso chimafuna moto wambiri. Mpweya umenewo unatuluka kale pamene nyumbayo inkamangidwa. Ukaigwetsa itangotha zaka 20 n'kumanga ina, walipira kawiri.

Nkhani imene imandipweteka pa mfundoyi ndi ya sitolo ya Sainsbury's ya ku Greenwich mumzinda wa London. Inatsegulidwa mu 1999 monga chitsanzo cha supamaketi yosamala chilengedwe. Denga lake linali ndi mizere ya magalasi yolowetsa kuwala kwa dzuwa, m'mbali mwake munaunjikidwa dothi loteteza kutentha ndi kuzizira, ndipo mu 2000 inali m'gulu la nyumba zopikisana pa mphoto ya Stirling, yomwe ndi yaikulu kwambiri kwa okonza mapulani a nyumba ku Britain. Vuto la mdima lomwe tafotokoza lija iyo inalibe. Komabe kampaniyo inafuna sitolo yaikulu, inasamukira chapafupi ku Charlton, pempho loti nyumbayo itetezedwe ndi boma linakanidwa, ndipo mu 2016 inagumulidwa isanakwanitse zaka 20. Pamalopo panamangidwa sitolo ya mipando ya IKEA. Magetsi onse amene nyumbayo inapulumutsa m'zaka zake zochepa ayenera kuyerekezedwa ndi konkire ndi chitsulo zomwe zinasanduka zigumukire.

Mumzinda womwewo, ku Camden, kampani yomweyo ili ndi sitolo ina yomwe inatsegulidwa mu 1988, yokonzedwa ndi katswiri wa mapulani a nyumba Nicholas Grimshaw. Iyi sinamangidwe pakati pa bwalo la magalimoto. Inaikidwa m'mphepete mwenimweni mwa msewu, kutalika kwake kukulingana ndi nyumba zoyandikana nazo, magalimoto akuimikidwa pansi pake, ndipo kumbuyo kwake, m'mbali mwa ngalande ya Regent's Canal, kunamangidwa nyumba zogona monga gawo la pulani yomweyo. Denga lake lapachikidwa pa zitsulo zoonekera kunja, mwakuti m'chipinda chogulitsiramo mulibe nsanamira. Mu 2019 boma linaiika pa mndandanda wa nyumba zotetezedwa, yoyamba ku England mwa nyumba zomangidwira supamaketi kulandira ulemu umenewu, ndipo anthu akugulabe momwemo.